Mabotolo Amene Sanaswedwe

"Nanga maso akewa awatseke ndani?"

Anafunsa ndi mayi Herminia, oyandikana nyumba ndi malemu, ataima pakhomo la nyumba ya vinyo, dengu la mazira likadali m'manja. Tinalipo anthu asanu ndi awiri.

Bambo Eladio Outeiral anali chagada pakati pa migolo yawo, maso ali kudenga. Mutu wawo unali utang'ambika kumanzere, kuyambira pamwamba pa khutu mpaka pa nsidze. Chitsulo chachitali chimene timatakasira nsenga m'migolo chinali pambali pawo, tsitsi la imvi litamatirira kunsonga. Pansi ponse panali mabotolo osweka. Vinyo anali atasakanikirana ndi magazi n'kumayenderera kulowa m'ngalande, wofiirira ngati madzi otsukira nyama.

Ine ndine Antía. Ndinaphunzira za vinyo zaka zinayi ku yunivesite, ndipo ntchito imene digiriyo inandipezera inali yotsuka migolo ya bambo Eladio ndi kuwauza zinthu zimene ankazidziwa kale. Ndikuchita manyazi kunena kuti pakhomo paja mphuno yanga inafulumira kuposa mtima. Mtima usananene kanthu, mphuno inali itanena kale: apulo wosapsa, ndimu, vinyo wa chaka chatha.

"Aliyense panja," anatero Sajeni Fulgencio Mata. Ndi munthu wa kummwera kouma. Wakhala kuno ku Salnés zaka zitatu, koma mpaka lero akalowa m'bala amaitanitsa mowa wa m'chitini, anthu n'kumayang'anana.

Panja, pa kireti yopanda kanthu, panakhala malume anga a Secundino, chipewa chili pa bondo. Iwo ndi mlamu wa malemu, ndipo agwira ntchito m'nyumba imeneyi zaka makumi anayi. Ndi amene anandiphunzitsa kununkhiza vinyo ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi asakudziwa. Sajeni atawafunsa kumene anali, anayankha osadzutsa mutu.

"Pa thirakitala, bwana. Kututa mphesa za kumunda wa kumtsinje. Kupita, kubwera, kupita, kubwera. Lero Lolemba la sabata yokolola, munthu saima."

"Anakuonani ndani?"

"Aliyense. Thirakitala sibisala."

Sajeni analemba. Kenako anatembenukira gulu lonse. "Pali amene anakangana ndi malemu masiku ano?"

Apa ndiye onse anayankha, ndi maso. Anayang'ana ine.

* * *

Mchimwene wanga Xoel amagwira ntchito panyanja, koweta nkhono, koma mu Seputembala aliyense wokhala ndi manja amalowa m'munda wa mphesa. Lamlungu masana bambo Eladio anapeza masamba ndi mphesa zowola m'kireti yake. Anaigubuduza ndi phazi, anthu makumi awiri akuonerera, n'kunena kuti bulu angasankhe bwino kuposa pamenepo. Xoel anawamenya chibakera chimodzi pakamwa. Amuna awiri akumukoka, anakuwa kuti: "Ndidzakuswerani mabotolo anu onse, limodzi ndi mutu wanuwo!"

Mchimwene wanga akakwiya salankhula mawu oti loya angawakonze.

Apolisi anakamupeza kugombe, atagona m'galimoto yake, zitseko zonse zili pululu. Anadzuka modzidzimuka n'kuthyola mphuno ya wapolisi mmodzi asanadziwe n'komwe chimene akumufunira. Anamugwetsa atatu, nkhope pamiyala.

Lachiwiri m'mawa anandilola kumuona m'chitokosi. Pamphumi pake panali chotupa chachikulu ngati dzira la bakha, chong'ambika pakati. Pakhoma, molingana ndi msinkhu wake, panali magazi ouma.

"Mwadzichita chiyani, achimwene?"

"Khomali n'lolimba, Antía. Ndaliyesa."

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo boti lawo linagubuduzika kunja kwa doko. Xoel anakhala maola anayi pansi pake, mutu uli m'kampata kakang'ono ka mpweya, mnzake ali chifere pambali pake. Kuyambira pamenepo sagona m'chipinda chotseka. Ngakhale kuchimbudzi amasiya chitseko chotsegula, ndipo ife tinasiya kudandaula.

"Munali kuti dzulo wani koloko masana?"

"Ndimagona."

"Anakuonani ndani?"

"Mbalame za kunyanja. Kazifunse, zimakonda kulankhula."

"M'nyumba ya vinyo simunalowemo?"

"Ndikatani? Iwe ukudziwa kuti zowawasa zanuzo ine sindimwa. Mumangonunkhiza ngati agalu, kenako n'kulavula. Anthu ophunzira!"

Anayesa kuseka, koma mpweya unamuthera panjira. Anandigwira dzanja mpaka mafupa anandipweteka.

"Akuti mawa ndikaonekera kwa woweruza, kenako kundende yaikulu kukadikira mlandu. Mlongo wanga, kumeneko sindikatha sabata. Ukudziwa."

Ndinkadziwa.

* * *

Mayi Herminia ndinawapeza akukazinga tsabola. Khitchini yawo yagundana ndi khoma la nyumba ya vinyo.

"Khala pansi, mwana wa Dosinda. Wawonda. Ku yunivesite kuja sankakudyetsani? Apolisi ndawauza kale zonse. Ine ndalankhula theka la ola, mtsikana wawo uja walemba mizere iwiri."

"Munamva anthu akukangana?"

"Kukangana m'nyumba imeneyo kuli ngati belu la tchalitchi, khutu linazolowera. Eladio ankakangana ngakhale ndi mphaka. Mulungu amukhululukire, ine ndikuyesabe."

"Nanga mabotolo?"

"Amenewo ndiye ndinawamva. Wani koloko itangodutsa. Phwa! Kenako zii. Phwa! Zii. Ine ndinati mkuluyu akutaya vinyo wowonongeka, asiye kutigulitsa ife."

"Zii wake wotalika bwanji?"

Anaima ndi supuni m'mwamba. "Ndinali pa korona. Pakati pa botolo ndi linzake ndimatha theka la Tikuoneni Maria. Nthawi zina yense. Nthawi zina awiri, ine n'kuganiza kuti watha, kenako phwa! Ndinatsala pang'ono kumaliza korona yense iye asanamalize."

"Apolisi munawauza zimenezi?"

"Anandifunsa nthawi. Sanandifunse kayimbidwe kake."

"Simunaone munthu?"

"Zenera langa limaona denga lokha, limenelo ndiye tsoka la moyo wanga. Thirakitala ndinaimva ikuima, inde. Koma sabata ino thirakitala zili paliponse."

"Ya ndani?"

Mayi Herminia amadziwa thirakitala iliyonse ya m'mudzi muno ndi katsokomoledwe kake. Amadziwanso amene wagula matayala atsopano. Koma anatembenukira chiwaya chawo n'kuthira mchere pa tsabola wothira kale mchere.

"Idya, mwana iwe. Makutu anga akalamba."

Ndinatuluka ndi tsabola mkamwa ndi chinthu chimodzi m'mutu. Xoel ndimamudziwa kaswedwe kake. Tsiku limene bambo athu anachoka pakhomo, anasesa mbale zonse za pa shelefu ndi mkono umodzi, kamodzi kokha, n'kukhala pansi kumalira. Mchimwene wanga sapumira pakati pa mbale ndi inzake.

* * *

Vinyo watsopano sadikira maliro. M'matanki atatu achitsulo madzi a mphesa anali akuwira, ndipo akatentha kwambiri zokolola zonse zimasanduka viniga. Ndinamuuza sajeni zimenezi, ndipo anavomera kunditsegulira, bola alowe nane.

Thupi anali atalichotsa. Magalasi a mabotolo aja anali momwemo. Ndinayang'ana matanki, ndinatsegula madzi ozizira, kenako ndinanjuta pansi n'kutola tako la botolo losweka limene linagwa choimirira, kutali ndi magazi. Munali kavinyo kokwana supuni.

"Mayi, umenewo ndi umboni."

"N'chifukwa chake ndikuununkhiza, a sajeni."

Ndinatola lachiwiri, lachitatu, mpaka lachisanu ndi chinayi. Ndinaviika chala n'kulawa. Onse ananena zofanana. Ndinamupatsa limodzi.

"Nunkhizani. Mukumva chiyani?"

"Vinyo."

"Yesaninso."

"Vinyo woyera."

"Mwayamba bwino. Ameneyo ndi Albariño wa chaka chatha. Apulo wosapsa, khungu la ndimu, kamchere pang'ono. Amaluma m'mbali mwa lilime n'kuthawa. Ndi wabwino kumwera nkhono Loweruka masana, koma palibe angamulire. Tsopano bwerani kuno."

Khoma lonse la kumpoto ndi mapanga amiyala ogonekamo mabotolo. Bambo Eladio sankamata mapepala pa mabotolo awo mpaka tsiku logulitsa. Ankawasakanizanso dala, wa chaka chatha pamodzi ndi wakale, ndipo chaka chilichonse ankawapukuta onse n'kuwasinthanitsa malo, kuti ngakhale fumbi lisaulule. Ankatero kuti mkamwini wawo wa ku Vigo akabwera kudzatenga "limodzi la Khirisimasi" azitenga lolakwika.

Pakhoma paja panali mipata mipata ngati mkamwa mwa nkhalamba. Apa lasowa limodzi, awiri alipo, apo asowa atatu, limodzi lilipo.

"Munthu wokwiya akanayamba kumapeto uku n'kusesa mpaka uko," ndinatero. "Uyu amadumphira. Onani amene anawasiya."

Sajeni anayatsa tochi. Pa phewa la botolo lililonse lotsala pakati pa mipata ija panali kanjira koyera m'fumbi, kotalika ngati chala chachikulu. Pena panali ponanda ndi madzi a mphesa.

"Magolovesi," anatero. "Palibe zidindo za zala."

"Sabata ino aliyense wavala magolovesi. Koma si aliyense amapukuta botolo asanaliswe."

Ndinasolola limodzi n'kulikweza pa kazenera kakang'ono ka pamwamba pa chitseko. "Umapukuta apa, n'kuyang'ana kuwala kukudutsa. Wa chaka chatha ndi wotuwa, wobiriwira pang'ono. Wakale ndi wagolide. M'galasi lobiriwira chonchi kusiyana kwake n'kochepa kwambiri. Ine zinanditengera chaka kuti ndizikuona."

"Ine ndikuona botolo."

"Ndiye tilitsegule."

"Mayi Antía..."

"Mwathyoledwa kale mphuno imodzi ku polisi kwanu. Gwiritsani ntchito yotsalayo."

Ndinatsuka tambula ndi kavinyo komweko, n'kuthira, n'kuzunguza. Fungo linakwera lokha: uchi, mapeyala ophika, khungu la buledi, mwala wonyowa ndi mvula. Sajeni anamwa ngati munthu womwa mankhwala. Kenako anangoima. Anameza mochedwa, ndipo anayang'ana m'tambula muja nthawi yaitali.

"Mcherewu sukuchoka," anatero motsitsa mawu.

"Suchoka msanga. Ameneyo ndi wa zaka khumi ndi chimodzi, wa m'munda wa A Pedreira. Mipesa yake ili ndi zaka zoposa zana limodzi ndi theka. Pansipa paswedwa mabotolo makumi anayi ndi atatu, ndipo ndikulumbira kuti simupeza ngakhale dontho limodzi la ameneyu. Wakupha uja amafuna kuti zioneke ngati mwalowa chigawenga. Koma amatenga botolo, kupukuta, kukweza pazenera. Likakhala la chaka chatha, phwa. Likakhala la A Pedreira, amalibwezera pamalo pake, mtembo uli kumapazi kwake. Mayi Herminia anamva kupuma konseko."

"Ndipo mchimwene wanu?"

"Mchimwene wanga sangasiyanitse Albariño ndi madzi otsukira nsomba. Funsani bala iliyonse mpaka ku Cambados."

Sajeni anaika tambula pa mgolo mosamala kuposa mmene anaitengera. "Ndi anthu angati angathe kusankha chonchi?"

"Atatu."

"Mmodzi ali kumochale."

"Wachiwiri ndine. Wani koloko ndinali kumunda wa kumtsinje, ndikuyeza shuga wa mphesa, pamaso pa anthu khumi ndi awiri."

"Ndafunsa kale zimenezo. Wachitatu?"

Ndisanatsegule pakamwa, pakhomo panamveka nsapato zogogoda. Anali Olalla, mwana yekhayo wa malemu, wochokera ku Vigo, magalasi akuda kumaso, foni m'manja.

"Antía, uli muno? Ayi ine sindilowa, fungolo lokha mutu wayamba kale. Tamvera, zokolola zatsalazi uziyendetse ndiwe, ine sindidziwa kanthu, chita zimene ukuona. Za bokosi ndathana nazo, maluwa ndathana nawo, wansembe sakuyankha foni. Komanso anthu a mabasi aja akufunsa ngati zipitirire, ine ndiwayankhe chiyani? Munthu wafa dzulo!"

"Mabasi ati?"

"A alendo odzalawa vinyo. Sanakuuze? Ndinawachonderera adadi zaka ziwiri. Basi singakhote pamsewu uja, ndiye anavomera kudula mipesa yakale ya ku A Pedreira pakhale poimika. Anayamba okha dzulo m'mawa ndi sowo ya injini, akuti adule inayi kaye aone ngati mpata ukwana. Adadi akaganiza chinthu sadikira, ukuwadziwa."

"Mphesa zikadali pamtengo?"

"Ine ndingadziwe bwanji?"

"Amalume anauzidwa?"

"Amati akawauza pa nkhomaliro. Mundawo unali wa azakhali a Pura, akazi awo a Secundino, inde, koma iwo anamwalira opanda mwana, unabwerera kwa adadi. A Secundino amangousamalira. Kodi wansembe ameneyu amakhala kuti?"

Anachoka akugogoda. Sajeni sanandifunsenso za munthu wachitatu. Anatulutsa makiyi a galimoto.

"Ndiyambe ndalowa ndekha," ndinatero.

"Mphindi khumi ndi zisanu. Ndikhala pa geti."

* * *

A Pedreira ndi kamunda kakang'ono pamtunda, kozunguliridwa ndi mpanda wamiyala. Mipesa yake imakwera pa mizati yamiyala n'kuyala denga la masamba pamwamba pa mutu wa munthu. Tsinde lililonse n'lonenepa ngati ntchafu ya mwamuna.

Chapakhomo denga lija linali litagwa. Mipesa inayi inali itadulidwa molingana ndi bondo, mawaya atalendewera, mphesa zitaphwanyika m'dothi, mavu ali wirikiti. Malume anali atagwada pa chitsa chimodzi, akuchikulunga ndi chiguduli chonyowa ngati akumanga bala. Pamwala panali botolo ndi timbale tiwiri toyera tomwera vinyo.

"Ndimadziwa kuti ubwera iweyo," anatero osacheuka. "Sajeni uja akanatha chaka akuyang'ana khoma lija."

Anaimirira, mawondo akulira, n'kuthira m'timbale tonse tiwiri. Ndinalandira. Ndinanunkhiza, ndinazunguza mkamwa, ndinalavulira pansi.

"Ameneyu salavula, Antía."

"Ndili pa ntchito, amalume."

"Chaka chiti?"

"Chaka chimene azakhali anamwalira."

Anagwedeza mutu. Ngakhale pamenepo, nkhope yawo inaonetsa kunyadira. Anamwa wawo yense.

"Ndinamva sowo ndili kumtsinje," anatero. "Ndinaganiza kuti wina akudula nkhuni. Podutsa ndi thirakitala ndinaona izi. Mipesa iyi anabzala agogo awo a agogo ake a Pura. Uwu wapakonawu ndi umene ankakhala pansi pake akamasenda nyemba. Ndinamupeza Eladio akutakasa migolo. Ndinamufunsa bwinobwino, mwana wanga. Ndinati, alamu, mwachita chiyani? Akanandiyankha ngati munthu, bwenzi ali moyo."

"Anati chiyani?"

"Anaseka. Pakamwa potupa paja, pamene anamumenya Xoel, anaseka. Akuti, Secundino, mkazi wako anafa kalekale, leka kugona ndi mitengo. Kenako anandipatsa chitsulo chija m'manja, akuti malizitsa migoloyi, ine ndikukadya. Anandipatsa yekha."

Anayang'ana manja awo.

"Koyamba anagwada. Anayesa kukwawira kuchitseko, akuitana dzina langa. Kachiwiri anagona. Kachitatu sindikudziwa chifukwa chake. Mutu wa munthu umalira ngati dzungu, sindinkadziwa."

Mavu ankalira m'mphesa zophwanyika. Ine ndinkayang'ana kambale kanga.

"Ndiye ndinati zioneke ngati mwalowa akuba, kapena woledzera. Ndinatenga botolo loyamba, ndinalikweza kuti ndiliswe. Kuwala kwa pazenera kunadutsamo. Linali la Pura." Anapukusa mutu. "Dzanja linakana. Ndinayesa, Antía. Linakana."

"Nanga Xoel?"

"Sindinamuganizire. Ndikulumbira pa manda a Pura, mawu ake a Lamlungu aja sanandibwerere n'komwe."

"Dzulo wani koloko simunamuganizire. Nanga pamene ankamugwetsa pamiyala? Nanga lero m'mawa, mukumwa khofi? Mwana wa mlongo wanu akumenyetsa mutu kukhoma, amalume. Ndaona magazi ake."

"Ndipita ndekha kupolisi. Ndalonjeza." Anayandikira. "Koma Lachinayi. Tayang'ana kumwambaku. Talawa."

Anathyola kamphesa kamodzi n'kundiika pamlomo monga ankachitira ndili mwana. Ndinatafuna. Khungu lolimba, madzi ozizira, kuwawasa kukadali patsogolo pa kutsekemera.

"Waona? Sizinafike. Zikufuna dzuwa la masiku awiri. Lachisanu kukubwera mvula. Chaka ngati chino sindinachionepo chimwalirire Pura, ndipo kwa ine n'chomaliza. Masiku awiri okha. Xoel ndi mwamuna, apirira."

Ankanena zoona za mphesazo. Zimenezo ndiye zinandinyansa kwambiri.

"Mawa akupita kundende yaikulu."

"Masiku awiri, mwana wanga!"

Ndinaika kambale pamwala n'kutembenuka. Ndinangoyenda mapazi atatu. Anandigwira pamkono n'kundikoka ndi mphamvu ya munthu amene wanyamula migolo moyo wake wonse. Phazi langa linakola waya, ndinagwa chammbali, ndipo nsonga ya waya wodulidwa inanding'amba tsaya mpaka kukhutu. Ndinamva kutentha, kenako kunyowa. Bondo lawo linali pamimba panga. M'dzanja lawo lamanja munali sizasi yodulira mphesa, yotsegula, pamwamba pa khosi langa.

"Sumva! Chiyambire uli mwana sumva!"

Sindinakuwe. Mpweya wokuwira ndinalibe. Ndinangowayang'ana, magazi akulowa m'khutu mwanga. Ndinaona maso awo akuchoka pa nkhope yanga, kupita pa sizasi, kubwereranso. Dzanja lija linangoima m'mwamba.

Sindikudziwa ngati likanakananso. Sajeni sanadikire kuti tione. Anatulukira pansi pa masamba akuthamanga chowerama, n'kuwagunda ndi phewa. Onse awiri anakagwera pa mzati wamwala. Ndinamva dzino likusweka. Sizasi inagwera m'dothi, sajeni anaiponda, anawapinda mkono kumsana mpaka anabuula, n'kuwatsekera unyolo.

"Ndinati mphindi khumi ndi zisanu," anatero akupuma movutikira. "Ndinanama. Mutha kuimirira?"

Ndinaimirira. Anandipatsa mpango wake ndipo ndinaukanikiza patsaya. Ndi dzanja linalo anaimba foni.

"Ndine Mata. Mutsegulireni Xoel chitseko. Ayi, mapepala tikonza ndikafika, za mphunoyo adzayankha tsiku lina. Panopa mutulutseni pabwalo akhale padzuwa. Inde, tsopano lino."

Malume sanalimbane. Anayenda pakati pathu mpaka pa geti, magazi akutsika pachibwano, maso ali kumwamba, kuyang'ana tsango lililonse limene tinkadutsa pansi pake. Sajeni atatsegula chitseko cha kumbuyo, iwo anaima.

"Antía. Lachinayi m'mawa, mame akangouma. Uyambire kumtunda, kumene dzuwa limayamba. Makireti usadzaze. Sizasi usapatse wina aliyense, ena amakoka, sadula." Analavula magazi. "Palibenso wina amene angathe. Uthyola, eti?"

Sajeni nayenso anandiyang'ana, dzanja lili pachitseko.

"Ayi, amalume," ndinatero. "Sindithyola, ndipo palibe amene athyole. Chaka chino zidya mbalame."